Lipoti: kukumba nsangalabwi pamalo oswanirana mpasa mumtsinje wina wa m'chigawo chapakati

Nkhaniyi inandipeza kudzera m'dandaulo la asodzi. Ndimagwira ntchito ya ulangizi wa za nsomba m'mbali mwa nyanja, ndipo pamsonkhano wina wa komiti ya asodzi ya padoko, mkulu wina amene wakhala akutchera miono kuyambira ali mnyamata anadandaula kuti mpasa zikukwerabe mtsinje wawo mvula ikagwa, ngakhale kuti n'zochepa, koma tiana take sitikuonekanso m'madzi osaya ngati kale. Anzake anayamba kulozana zala. Ena ankati ndi anyamata othira katupe, ena ankati ndi amayi okokera matemba ndi maneti a udzudzu. Zonsezo zimachitikadi, ndipo n'zoononga. Koma mkuluyo anaumirira kuti ndipite kaye kumtunda kwa mlatho, kumene matipa akhala akutuluka ndi miyala chilimwe chonse.

Mtsinjewo ndi umodzi mwa mitsinje imene msewu wa M5 umaoloka pakati pa Salima ndi Nkhotakota. Sinditchula dzina lake, la mudzi, ngakhale la mwini matipa, chifukwa mbali ina ya nkhaniyi ikadali m'manja mwa mafumu, komanso cholinga changa si kuika munthu pamoto. Ndalemba kuti anzanga a m'maboma ena akakumana ndi zoterezi azizindikire msanga kuposa mmene ndinachitira ine.

Nsomba imene tikunena

Mpasa, imene akatswiri amaitcha Opsaridium microlepis, imapezeka m'Nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yothira m'nyanjayi basi. Kulibenso kwina padziko. Imakulira m'nyanja, kudya tinsomba monga usipa, ndipo yaikulu imatalika pafupifupi theka la mita. Koma m'nyanjamo simmene imaswanirana. Nthawi yake ikakwana imalowa m'mitsinje monga Bua, Linthipe, Dwangwa, North Rukuru ndi Songwe, n'kukwera mtunda wautali kufunafuna malo a mtundu umodzi wokha: pamene madzi ndi osaya, akuthamanga, ali ndi mpweya wokwanira, ndipo pansi pake pali nsangalabwi zopanda matope. Kuswanaku kumayamba m'nyengo ya mvula ndipo kumapitirira mvula itatha. Denis Tweddle, amene anafufuza nsombazi kwa zaka zambiri kuno, analemba za kaswanidwe ka mpasa kale mu 1983, ndipo zimene anaona n'zimene asodzi akale a ku Bua angakuuzeni m'mawu awoawo.

Mazira a mpasa amalowa m'mipata ya pakati pa miyala. M'menemo nsomba zina siziwafikira, madzi sawakokolola, koma madzi omwewo amadutsabe pang'onopang'ono m'mipatamo kuwabweretsera mpweya. Tiana tikaswa timabisalamo kaye, kenako timakulira m'madzi osaya a m'mbali kwa miyezi ingapo tisanatsikire kunyanja. Sanjika, m'bale wake wa mpasa, nayo imadalira malo ofananawo. Nsomba ya ningwi imadya ndere za pamiyala yomweyo. Pansi pa nsangalabwi pamakhalanso timphutsi ta tizilombo ta m'madzi timene ndi chakudya cha tiana ta nsomba. Munthu akamafosholera miyalayi mutipa amaona miyala. Kwa mpasa ndi chikuta.

Tili nacho kale chitsanzo cha nsomba yokwera mitsinje imene tinaitaya tikuona. M'zaka za m'ma 1950 ntchila inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja yathu. Lero ana ambiri a kunyanja amangoimva dzina. Kuitchera pamathiriro a mitsinje ili ndi mazira, kuphatikizapo kuonongeka kwa mitsinje imene inkaswaniranamo, kunaimaliza. Mpasa nayo ili pamndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe, wa zamoyo zimene zili pachiopsezo chakutha.

Zimene ndinapeza

Ulendo woyamba ndinapita chilimwe chili pakati, madzi atatsika. Ndinatengana ndi mkulu uja ndi mnyamata wina wa m'komiti. Tinayambira pamlatho n'kumakwera wapansi m'mtsinje momwemo, chifukwa zambiri za mtsinje sizioneka uli pagombe.

Pokumbapo panali pamalo pamene mtsinje umatambasuka utatuluka m'mapiri. Mpake kuti okumba anasankha pamenepo: ndi pamene madzi amachepa mphamvu n'kutula miyala yosalala, yaukulu wofanana, yotsukidwa kale, yosafuna kuphwanya ndi nyundo ngati kwale wa kuphiri. Koma mpasa nayo imasankha pomwepo pa zifukwa zomwezo. Uwu ndiye mtima wa vuto lonse. Mwala umene womanga amaufuna ndi womwewo umene nsomba imaufuna, ndipo onse awiri amakana wamatope.

Poyamba anthu a m'mudzi ankakumba ndi mapiki ndi mafosholo pamilu ya miyala youma, n'kumatuta ndi mawilibala kukaunjika pagombe. Kenaka kutabwera wogula wamkulu, analambula njira yoti tipa izilowa mpaka m'mtsinje, ndipo masiku ena ankabweretsa katapila. Kuyambira pamenepo kukumba kunachoka pamilu youma n'kulowa m'madzi enieni. Ndinapeza dzenje lalitali, lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, madzi ake ali phee, obiriwira, otentha ngati a m'beseni losiyidwa padzuwa. Pamene kale madzi ankalira pamiyala panalibenso phokoso.

Dzenjelo aliyense amaliona. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinali kumtunda ndi kumunsi kwake, kumene palibe anakumbako.

Kumtunda kwa dzenje, pamene madzi amagwera m'dzenjemo, panali kaphompho kofika m'chiuno. Mkulu uja anandiuza kuti chaka chapitacho kaphomphoko kanali pafupi ndi mkuyu wina, ndipo tsopano kanali katasunthira kumtunda ndithu. Mmene zimakhalira ndi izi: madzi akamagwera m'dzenje amathamanga kwambiri pamlomo pake, amagumula mlomowo, miyala imagweramo, ndipo mlomo umabwerera m'mbuyo. Chaka ndi chaka phompholo limakwera mtsinje likudya pansi pake, ngati mmene chigwembe chimakwerera m'munda. Malo a nsangalabwi amene anali kutali ndi okumba amathera m'dzenje lomwelo popanda wowakhudza ndi fosholo. Nsomba zing'onozing'ono zimalepheranso kulumpha phompholo madzi akachepa.

Kumunsi vuto linali lina. Mtsinje nthawi zonse umayenda ndi katundu wake wa mchenga ndi miyala. Dzenje limakola katunduyo, madzi n'kutuluka opanda kanthu koma mphamvu ali nazobe. Ndiye amayamba kutola miyala ya kumunsi kuti abwezeretse katundu wawo. Katswiri wina wa za mitsinje wa ku California, G. Mathias Kondolf, analemba za zimenezi mu 1997 n'kuwatcha madzi oterewa kuti madzi anjala. Dzinalo ndi loona. Kumunsi kwa dzenje lija nsangalabwi zing'onozing'ono zinali zitapita, kutatsala miyala ikuluikulu yolumikizana ngati yowaka, ndipo malo ena panaoneka dongo lolimba lopanda kanthu pamwamba. Nsomba singaikire pamenepo.

Pamene nsangalabwi zinatsalako, zinali zitatsekeka ndi matope. Njira yoonera zimenezi ndi yapafupi ndipo mlangizi aliyense angaichite popanda chipangizo. Imani pamiyala m'madzi ofika m'mawondo, muzikankha ndi chidendene. Pamalo abwino miyala imasuntha mosavuta, kafumbi kochepa kamatuluka n'kutha nthawi yomweyo. Pamalo oonongeka miyala imakana, ndipo ikasuntha pamatuluka chimtambo cha matope chimene chimatenga nthawi kuti chiyere. Kenako tolani mwala umodzi muuone. Ngati wada mbali yaikulu chifukwa unakwiririka m'matope, ndipo pansi pake palibe kachilombo kalikonse kakuyenda, dziwani kuti dzira silingapume pamenepo. Kumtunda kwenikweni, kumene phompho linali lisanafike, mwala uliwonse umene ndinatembenuza unali ndi timphutsi tambiri tothawa kuwala. Kumunsi kwa pokumba ndinatembenuza miyala mpaka msana unawawa, ndipo yambiri inali yopanda kanthu.

Matopewo amachokera kungapo. Katapila ikamakumba m'madzi imavundula zonse zimene zinakhazikika. Matayala a tipa amasandutsa gombe kukhala phala. Magombe amene pansi pake padyeka amagumukira m'madzi, ndipo bango ndi mitengo ya katope imene inkawagwira imagwa nawo limodzi. Mitengo ikapita mthunzi umapitanso, madzi amatentha, ndipo madzi otentha amasunga mpweya wochepa. Ndinaonanso mafuta akuyandama pamalo pamene madalaivala amatsukira magalimoto.

Ndiyenera kunena chilungamo pano. Matope ambiri a m'mitsinje yathu sachokera kwa okumba miyala. Amachokera kumtunda kumene mitengo inatha chifukwa cha makala ndi fodya, ndiponso m'minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi. Bua akadali ndi mpasa makamaka chifukwa mbali ina ya mtsinjewu imadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015. Mmenemo mulibe khasu kapena tipa. Koma kunena kuti matope ambiri amachokera kwina sikupeputsa mlandu wa kukumba. Matope a kumunda, mvula yamphamvu ikabwera, madzi amatha kuwatsuka pamiyala. Mwala umene wakwera tipa sumabwerera.

Zoti mvula idzabwezeretsa

Aliyense amene ndinalankhula naye, kuyambira wofosholera mpaka mwini tipa, ananena zofanana: kuti miyala siitha, mvula ikagwa dzenje limadzaza lokha. Sindikuganiza kuti ankanama. Amaonadi dzenje litadzaza mwezi wa Epulo. Koma ndinawapempha kuti tikumbe pang'ono pamalo pamene panadzaza chaka chathacho. Munali mchenga ndi matope, nsangalabwi zili apo ndi apo. Mchenga umayenda msanga ndipo umafika chaka chilichonse. Nsangalabwi zimayenda pang'onopang'ono, pokhapokha madzi akasefukira kwambiri, ndipo zochepa zimene zinafika m'dzenjemo zinachoka pamalo ena oswanirana a kumtunda. Dzenje silidzaza ndi miyala yatsopano. Limadzaza ndi chikuta cha pafupi.

Maiko ena anaphunzira zimenezi mowawa. Ku France mitsinje monga Drôme inazama mamita angapo itakumbidwa kwa zaka zambiri, mpaka mu 1994 boma linaletsa kukumba miyala m'kati mwa mitsinje. Ku Portugal, pa 4 Marichi 2001, mlatho wa Hintze Ribeiro pamtsinje wa Douro unagwa basi ili pamwamba, anthu 59 n'kufa, ndipo kukumba mchenga pafupi ndi mlathowo kunali chimodzi mwa zimene zinafooketsa mizati yake. Nditabwerera pamlatho wathu ndinayang'ana pansi pa mizati. Simenti imene inayenera kukhala yokwiririka inali poyera. Izi ndinazilemba padera n'kuzipereka kwa oyang'anira misewu, chifukwa si ntchito yanga, koma sindikanangokhala chete.

Amayi a m'mudzimo anandionjezera china chimene sindinachiganizire. Pansi pa mtsinje pakatsika, madzi a m'nthaka ya m'mbali amatsika nawo. Zitsime za m'madimba zimene kale zinkafika Novembala zinayamba kuuma msanga, ndipo ankazikumba mozama chaka chilichonse. Dzenje lija nalo linasanduka moswanirana udzudzu ndi nkhono za likodzo, komanso ana ankasambiramo osadziwa kuya kwake.

Anthu ake

N'zosavuta kulemba lipoti lodzudzula okumba. Koma amene ndinawapeza ndi fosholo anali anyamata opanda ntchito ndi amayi olera ana okha, ogwira ganyu yolipidwa potengera matipa amene adzaza. Mayi wina anandifunsa mwaulemu ngati mpasa imene ndikuiteteza idzamulipirire mwana wake fizi. Ndinalibe yankho lokhutiritsa. Kwa iye fodya wake ndi amene ali pamphuno. Ndalama yeniyeni imapita kwa mwini tipa, amene amagula motchipa pamtsinje n'kukagulitsa mokwera kutauni, ndipo kena kake kamatsala kwa amene amaloleza kuti njira idutse pamalo pawo.

Kufunika kwa miyala ndi mchenga sikuchepa ayi. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe la mu 2022 linati dziko lonse lapansi limagwiritsa ntchito matani pafupifupi 50 biliyoni a mchenga ndi miyala pachaka. Kwathu kuno matauni akukula, misewu ikumangidwa, ndipo chimphepo cha Freddy cha mu Marichi 2023 chinasiya milatho ndi nyumba zambiri zofunika kumangidwanso. Palinso ichi: pofuna kupulumutsa mitengo, dziko lathu likulimbikitsa mabuloko a simenti m'malo mwa njerwa zootcha. Ndi maganizo abwino ndipo ndimagwirizana nawo. Koma buloko imafuna mchenga, konkire imafuna miyala, ndipo tikapanda kusamala mtolo umene tautula pankhalango tiusenzetsa mtsinje.

Malamulo alipo. Pali lamulo la za nsomba la mu 1997, la za madzi la mu 2013, la za chilengedwe la mu 2017 limene linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, komanso lamulo la za migodi limene limakhudza mchenga ndi miyala. Chimene ndinaona pankhaniyi n'chakuti lililonse limayang'ana mbali yake. Ife a nsomba timayang'ana maukonde, miono ndi nyengo yoletsa kupha nsomba. Tingagwire munthu wopezeka ndi mpasa imodzi ya mazira, koma tipa yonyamula malo oikira mpasa zonse za mtsinjewo imatidutsa titaima pamsewu, chifukwa mulibe nsomba m'menemo. Mwini tipa anandionetsa kapepala kosonyeza kuti analipira ndalama ku ofesi ina. Sikananene pokumba, kuya kwake, kapena miyezi yake. Ine ndemwe ndinali nditadutsa pamlathopo kambirimbiri ndikuona matipawo, osaganiza kuti ndi nkhani yanga.

Zimene tinachita

Sindinapite ndi apolisi. Ndinaona kuti kuthamangitsa anthu kungangosamutsira dzenje pamalo ena obisika, mwina abwino koposa kwa nsomba. Ndinapempha a gulupu kuti aitanitse bwalo la okumba, asodzi, eni madimba ndi mwini tipa, ndipo ndinapempha kuti tisakhale pansi pa mtengo koma tiyende m'mtsinje. Aliyense anatembenuza mwala wa kumtunda ndi wa kumunsi ndi dzanja lake. Zimenezo zinagwira ntchito kuposa zonse zimene ndikanalankhula. Asodzi ndi eni madimba, amene kale ankaonana ngati alibe chowalumikiza, anapezeka kuti akudandaula dzenje limodzi.

Tinagwirizana kuti m'madzi oyenda musamakumbidwe konse, ndipo katapila isalowenso m'mtsinje. Okumba pamanja analoledwa kutenga pamilu youma yokha, osatsika kufika pamene pali madzi, komanso osakhudza mutu wa mulu, mbali yoyang'ana kumtunda, chifukwa ndi imene imagwira mulu wonse. Malo awiri amene akuluakulu ankawadziwa kuti ndi oswanirana mpasa anaikidwa zizindikiro kuti ndi oletsedwa chaka chonse. Pafupi ndi mlatho anatsekeratu. Kukumba kunayenera kuyamba mochedwa m'chilimwe, osati mvula ikangotha, popeza nthawi imeneyo mazira ndi tiana zimakhala zikadali m'miyala. Apa panali mkangano waukulu, chifukwa mvula ikangotha ndi pamene misewu imauma ndipo omanga amafuna katundu.

Ndinalimbikitsanso kuti wogula wamkulu asamukire pamalo ena ouma, kutali ndi madzi, pamene mtsinje unkadutsa kalekale n'kusiya miyala pansi pa dothi. Miyala ya pamenepo imafuna kusefa, ndiye imadya ndalama zambiri, komanso dzenje lake liyenera kukwiriridwa ntchito ikatha. Iye sanakondwe nazo. Maganizo anga ndi akuti ntchito zikuluzikulu, makamaka zolipiridwa ndi ndalama za boma, zisamagule n'komwe miyala ya m'mtsinje pamene kwale wa kuphiri alipo, ndipo wopereka ntchito azifunsa kumene miyala yachokera monga mmene amafunsira za simenti.

Si zonse zinayenda. Katapila inasiyadi kubwera. Malo awiri aja akulemekezedwa, makamaka chifukwa asodzi amawalondera okha. Koma matipa ena anayamba kubwera usiku, ndipo zamveka kuti wogula uja anatsegula dzenje lina pamtsinje woyandikana nawo, m'dera la mfumu ina. Bango ndi vetiva zimene tinabzala pagombe logumuka, theka linapita ndi madzi a mvula yoyamba chifukwa pansi pake pankadyekabe. Ndinalakwitsa kubzala phompho lisanakhazikike, ndipo anzanga asabwereze zimenezo. Phompholo likukwerabe. Kusiya kukumba sikuliimitsa tsiku lomwelo. Limapitirira mpaka mtsinje utapezanso potsetsereka pake.

Chovuta china pa ntchito ngati iyi ndi nthawi. Dzira limene lafa m'matope chaka chino silisowa kwa aliyense chaka chino. Lidzasowa patapita zaka, pamene mpasa imeneyo ikanabwerera itakula, ndipo podzafika nthawiyo anthu adzaloza katupe, nyengo, kapena asodzi a tsidya lina. N'chifukwa chake ndapempha komiti kuti tiziyenda mtsinjewo kawiri pachaka, mvula ikangotha ndi chilimwe chikafika pachimake, tikujambula malo omwewo ndi foni, kuika chikhomo pamene phompho lafika, ndi kulemba m'kope ngati tiana taoneka.

Ulendo wanga womaliza unali mvula itangotha. Pamalo amodzi mwa awiri oletsedwa aja, kumtunda kwa phompho, tinaona timagulu ta tiana ta nsomba m'madzi osaya a m'mbali, ndipo mkulu uja anati tina mwa ito ndi ta mpasa. Pamalo achiwiri, kumunsi kwa dzenje, miyala inali ikadali yolimba ndi matope ndipo sitinaone kanthu. Chikhomo chimene tinakhoma pamlomo wa phompho chilimwe chathachi tinachipeza chitagwera m'madzi, ndipo tinakhoma china kumtunda kwake.